Mbumba ya Mayi Caroline Ingalls inathera pati?

Amene anawerenga mabuku a Laura Ingalls Wilder, kapena kuonera sewero la pa TV la Little House on the Prairie lomwe linayamba mu 1974, ambiri amaganiza kuti zidzukulu za mayi ake a Laura zili mbwee ku America. Maganizowa ndi omveka. Mayi wobereka ana asanu, wosamuka pangolo ulendo ndi ulendo, angalephere bwanji kusiya fuko? Komatu mbiri yolembedwa ikuonetsa kuti lero kulibe munthu ndi mmodzi yemwe wochokera m'mimba mwa mayiwa.

Mayi ake a Laurawo, Mayi Caroline, a kubanja la Quiner, anabadwa mu 1839 ku Brookfield, m'dera la Wisconsin. Bambo awo anamira ndi chombo panyanja ya Michigan iwo akadali kamwana. Anayamba uphunzitsi ali ndi zaka 16, ndipo mu 1860 anakwatiwa ndi a Charles Ingalls, bambo amene sankakhazikika malo amodzi. Anakhalako ku Kansas, ku Minnesota, ku Iowa, mpaka kukafika ku De Smet, ku Dakota, kumene mayiwa anakana zopitirira chifukwa ankafuna ana awo akhale pafupi ndi sukulu ndi tchalitchi.

Mabuku amatchula ana aakazi anayi: Mary, Laura, Carrie ndi Grace. Koma panali wachisanu, mwana wamwamuna dzina lake Freddie, wobadwa mu 1875, amene anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Laura sanamulembe m'mabuku ake a ana, ndipo ine sindimuimba mlandu. Pali maliro ena amene banja limangowasunga mumtima. Mnyamata wotchedwa Albert, amene oonera TV amamukumbukira ngati mwana woleredwa pakhomopo, anali wongopeka basi.

Tsono tiwerenge bwino. Mary anachita khungu mu 1879 ali ndi zaka 14, anakaphunzira kusukulu ya osaona ku Vinton, kenako anabwerera kwa makolo ake. Sanakwatiwe, ngakhale sewero lija linamupatsa mwamuna. Carrie anakwatiwa mu 1912 ndi a David Swanzey ndipo analera ana owapeza, koma ake obereka analibe. Grace nayenso anakwatiwa koma sanaone mwana. Laura yekha ndiye anabereka: Rose mu 1886, kenako mwana wamwamuna mu 1889 amene anamwalira asanapatsidwe n'dzina lomwe. Rose Wilder Lane anakula n'kukhala mlembi wodziwika, koma mwana wake mmodzi yekhayo sanakhale moyo. Rose atamwalira mu 1968 ku Danbury, mzere wonse unathera pomwepo. Chuma cha mabuku chinapita kwa Roger Lea MacBride, amene sanali wamagazi.

Nanga amene amati ndi abale ake a Laura akunama? Ayi, ndipo pamenepa mpamene nkhaniyi imakoma. Mabanja a Quiner ndi Ingalls anakwatirana katatu. Mchimwene wa Mayi Caroline, Henry, anakwatira Polly, mlongo wa a Charles. Mng'ono wawo Eliza anakwatiwa ndi Peter, mkulu wa a Charles. Ana a mabanja atatuwa anali ndi agogo amodzi kuchimuna ndi kuchikazi komwe, moti magazi awo anali oyandikana kwambiri. Zidzukulu za mbali imeneyo zilipo. Munthu wotero akanena kuti ndi mdzukulu wa Laura walakwitsa, koma ubale wokhawo ulipo ndithu. Ife amene mwana wa mng'ono wathu timamutcha mwana wathu sitingavutike kumvetsa mmene mawu a agogo amasinthira pakamwa pa zidzukulu.

Wofufuza mbiri ya banjali amakumananso ndi zina zimene mabuku anazisalaza. M'kalembera wa 1870 banjali likupezeka ku Montgomery County, ku Kansas, dzina litalembedwa molakwika kuti Ingles. Malo amene anamangapo nyumba ya mitengo sanali opanda mwini. Anali a mtundu wa Osage, ndipo banjali linakhalapo popanda chilolezo. Zimenezi siziyenera kubisidwa pofuna kulemekeza mayiwa. Chikhulupiriro chakuti anthuwa sankadalira wina aliyense nachonso si choona. Dzombe litadya tirigu wawo ku Walnut Grove, ku Minnesota, a Charles anayenda mtunda wautali kukafuna ganyu yokolola, ndipo analandirako ufa wa thandizo la boma. Chaka chimene anakhala ku Burr Oak, ku Iowa, akugwira ntchito pahotela ya eni ake, ngongole zili m'khosi, Laura anachidumpha m'mabuku ake.

Kwa ine zoona zimenezi zimawakweza Mayi Caroline kuposa nthano. Taganizani za dzinja la 1880 mpaka 1881 ku De Smet, sitima zitalephera kudutsa chipale chofewa kwa miyezi. Nkhuni kunalibe. Ankapota udzu wouma mwamphamvu kuti uyake pang'onopang'ono, manja mpaka kung'ambika, ndipo tirigu wosagaya ankamupera m'kachigayo ka khofi kopukusa ndi dzanja, mosinthana, kuti papezeke buledi wa tsikulo. Onse anatuluka m'dzinjalo ali moyo.

Mayiwa anamwalira mu 1924 ku De Smet, ali ndi zaka 84. Chaka chotsatira Laura, ali pafamu yake ku Mansfield, analembera kalata mayi ake aakulu a Martha Carpenter, kuwapempha kuti amufotokozere za ubwana wawo ndi mng'ono wawo ku Wisconsin. A Martha, amene anali atakalamba kwambiri, anayankha ndi makalata aatali, ndipo zambiri zimene zikudziwika za umasiye ndi umphawi umene Mayi Caroline anakuliramo zinachokera m'makalata amenewo.