Zofunika kudziwa popanga ngolo yokokedwa ndi njinga yamoto

KITWE - Munthu wa ku Parklands amene amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, kapena amene ali ndi kantemba, amadziwa bwino mtengo wonyamulira katundu. Kucokera ku msika wa Chisokone kufika ku Parklands si kutali, koma thumba la cakudya ca nkhuku la makilogalamu 50 silisenzeka pamutu, ndipo kulipira galimoto ulendo ulionse kumadya phindu. N'cifukwa cake ena amene ali ndi njinga zamoto amaganiza zopita kwa owocherera zitsulo kuti awapangire kangolo kokoka kumbuyo.

Amisiri otere sasowa m'cigawo ca Copperbelt. Mzinda wa Kitwe unakula cifukwa ca mgodi wa Nkana, ndipo pamene migodi ya ZCCM inali kugulitsidwa kwa makampani, nchito imene inatha m'caka ca 2000, anthu ambiri odziwa zitsulo anacotsedwa nchito nayamba kudzigwirira okha. Acinyamata enanso amaphunzira luso limeneli pa masukulu monga NORTEC ku Ndola. Mmisiri wopanga mageti angathe kulumikiza ngolo m'masiku owerengeka. Komabe geti imaima pamalo amodzi, pamene ngolo imathamanga pamseu kumbuyo kwa munthu amene watsamira pa magudumu awiri cabe.

Funso loyamba ndi la kulemera. Njinga zambiri zimene anthu amagula, monga Bajaj Boxer ndi TVS, zili ndi injini ya pakati pa 100cc ndi 150cc, ndipo zimalemera makilogalamu 100 ndi ena pang'ono. Injini yotere ikangoyamba kuyenda imakoka katundu wambiri ndithu, ndipo ici ndico cimanyenga eni ake. Vuto limaoneka poima. Ngolo yopangira kunyumba ilibe mabuleki akeake, motero katundu yense amakankha njinga kucokera kumbuyo. Woyendetsa akamanga mabuleki ali pokhota, ngolo imakankhira gudumu la kumbuyo cam'mbali, ndipo njinga imagwa.

Ku Britain lamulo linaika malire omveka pa nkhaniyi. Njinga ya 125cc kapena yocepera apo siloledwa kukoka ngolo. Ngoloyo isapitirire mita imodzi m'lifupi, ndipo ikasenza katundu isalemere kuposa makilogalamu 150, kapena magawo awiri mwa magawo atatu a kulemera kwa njingayo, potengera nambala imene ili yocepa. Lamulo limeneli si la Zambia, koma masamu ake ndi othandiza. Njinga ya makilogalamu 120 iyenera kukoka osapitirira 80. Ngati ngolo payokha ilemera 30, katundu wotsala ndi makilogalamu 50, kutanthauza thumba limodzi la simenti kapena matumba awiri a unga. Amene alakalaka kunyamula matumba asanu a cimanga afunika njinga ya magudumu atatu yopangidwira katundu.

Pa cifukwa cimeneci ngolo iyenera kukhala yopepuka. Zitsulo zocindikala zotola kwa ogulitsa zakale zimaoneka zolimba ndiponso zochipa, koma kilogalamu iliyonse ya citsulo imalanda malo a katundu. Mapaipi a makona anai a mamilimita 25, ocindikala mamilimita awiri, ndi okwanira pa felemu, ndipo pansi pangaikidwe thabwa lopyapyala kapena waya wa sefa. Mmisiri wosamala amayamba wagwiriza zitsulo pang'onopang'ono, kenaka amapima mopingasa kucokera pa kona ina kufika pa inzake. Miyeso iwiriyo ikafanana, ndiye kuti felemu yaongoka ndipo angathe kuwocherera kotheratu. Mapaipi a madzi okutidwa ndi zinki ndi bwino kuwapewa, popeza utsi wake powocherera umadwalitsa.

Magudumu a wilibala amakopa ambiri cifukwa amapezeka paliponse. Iwo anapangidwira liwiro la munthu woyenda pansi, ndipo akathamangitsidwa amatentha pakati mpaka kuphwasuka. Oyenera ndi magudumu a njinga yamoto kapena a sikuta, okhala ndi mabeyaringi abwino, ofanana kukula, ndipo oloza kumodzi. Gudumu limodzi likapenama pang'ono, ngolo imayenda cam'mbali ngati nkhanu ndipo matayala amatha msanga.

Pamene pagona nzeru yeniyeni ndi polumikizira ngolo ku njinga. Njinga yamoto imakhota mwa kupendekeka, pamene ngolo ya magudumu awiri imakhalabe ciriri. Cotero columikizira ciyenera kuyenda njira zitatu: m'mwamba ndi pansi podutsa mahampu, kumanja ndi kumanzere pokhota, ndiponso kuzungulira ngati cigwiriro ca citseko pamene njinga yapendekeka. Njira yacitatuyi ndiyo imaiwalika kawirikawiri. Ena amangobowola citsulo ndi kulowetsa bauti, monga mmene zimakhalira pa ngolo za ng'ombe ku Katete kapena ku Petauke. Pa ng'ombe zimatheka. Pa njinga, bautiyo imagwira pamene woyendetsa afuna kupendekeka, ndipo cotsatira cake ngolo imanyamuka gudumu limodzi, kapena njinga imakana kukhota nilunjika m'ngalande. Ngakhale cibulungira ca mamilimita 50 cimene magalimoto amakokera ngolo cimalola kupendekeka pang'ono cabe. N'cifukwa cake amisiri odziwa amaika paipi yozungulira m'kati mwa paipi inzake pa mkono wokokera.

Columikiziraco cimangidwe ku felemu ya njinga, mbali zonse ziwiri, ndipo cikhale pa msinkhu wa pakati pa gudumu la kumbuyo. Kaliyala, ngakhale ili pafupi ndiponso yosavuta kufikira, imagwiridwa ndi timabauti tating'ono ndipo ili pamwamba kwambiri. Ngolo ikakankha pamwamba potero, gudumu la kumbuyo limapepuka pa nthawi imene lifunika kugwira pansi. Pafunikanso maunyolo awiri opingasa pansi pa mkono wokokera, kuti columikizira cikathyoka mkonowo usazike pansi ndipo ngolo isathawire kwa oyenda pansi. Ngati pali cowocherera pa njinga penipeni, batire ndi kabokosi ka moto ziyambe zacotsedwa, pamodzi ndi thanki ya petulo.

Ikatha nkhani ya columikizira, pamabwera ya kakhalidwe ka katundu. Mtanda wa magudumu, umene amakanika amaucha ekiselo, uikidwe kumbuyo pang'ono kwa pakati pa bokosi, kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse litsamire pa columikizira. Pa ngolo ya makilogalamu 80, amenewo ndi makilogalamu 8, ndipo angapimidwe pa sikelo ya kumsika. Katundu akaculukira kumbuyo, ngolo imayamba kugwedeza mcira liwiro likakwera, ndipo kugwedezako kumakula mpaka kugwetsa njinga. Zikayamba, woyendetsa abweze mafuta pang'onopang'ono osamanga mabuleki mwamphamvu. Mkono wokokera wautali kuposa mpata wa pakati pa magudumu umacepetsa vutoli. Zolemera zikhale pansi ndipo zimangidwe. Zigubu za madzi zosadzaza ndi zacinyengo kwambiri, cifukwa madziwo amasunthira uku ndi uku pokhota.

Ngolo imabisa nyali ya kumbuyo ya njinga, motero ifunika nyali zake: yofiira, ya mabuleki ndi zolozera kokhotera, pamodzi ndi zonyezimira zofiira kumbuyo ndi zoyera kutsogolo. Nyali za LED ndizo zoyenera, popeza magetsi a njinga zing'onozing'ono ndi ocepa.

Ku mbali ya malamulo, lamulo la pamseu la Road Traffic Act nambala 11 la 2002, limene linakhazikitsa kabungwe ka RTSA, limakhudza ngolo zokokedwa pamodzi ndi magalimoto pa nkhani ya kulembetsa ndi ziphaso. Munthu wanzeru amapita ku ofesi ya RTSA ku Kitwe kapena ku Ndola asanagule citsulo ciliconse, kukafunsa zofunika pa ngolo yodzipangira. Afunsenso a kampani ya inshuwalansi ngati cikalata cake cimagwira nchito njinga ikamakoka ngolo.

Palinso ciyeso conyamula anthu. Ena amakumbukira Zambulance, ngolo ya odwala imene inapangidwa ndi kampani ya Zambikes, imene inayamba ku Lusaka mu 2007, kuti idzikokedwa ndi njinga m'midzi ya kutali ndi cipatala. Ku Malawi, m'maboma monga Mangochi ndi Dowa, amai oyembekezera ananyamulidwa pa njinga zamoto za eRanger, zimene zimagoneka wodwala pambali pa njinga. Zipangizo zimenezi zinakonzedwera nchito yomweyo, ndipo oyendetsa ma eRanger anali kuphunzitsidwa. Kangolo ka matumba a cakudya ca nkhuku si kopititsira ana kusukulu.

Ngolo ikatha, iyesedwe koyamba yopanda kanthu pa bwalo lopanda magalimoto, kenaka ndi matumba a mcenga, woyendetsa akuphunzira kukhota motambasula ndi kuyamba kuima akali patali. Akumbukirenso kuti ngolo ndi yotakata kuposa njinga. Dzenje limene njinga yalizemba, gudumu la ngolo lingagweremo, makamaka m'nyengo ya mvula kuyambira November mpaka April pamene maenje amabisala m'madzi. Mseu wa Kitwe kupita ku Ndola, wa makilomita pafupifupi 60, umadzaza ndi magalimoto akuluakulu onyamula mkuwa, ndipo mphepo yake yokha ingagwedeze kangolo kopepuka. Maulendo oyamba akhale a pafupi, a m'komboni ndi kumsika. Atayenda makilomita angapo woyendetsa aime, aunguze ming'alu m'malo owocherera, amangitse mabauti, ndipo agwire pakati pa gudumu lililonse. Pakatentha kwambiri, mabeyaringi afunika girisi kapena kusinthidwa ngolo isanabwerere pamseu.