LAMYA YA M'MANJA KU JONI: ZOYENERA KUDZIWA MLENDO ASANATULUTSE NDALAMA

M'masiku a Wenela, munthu akapita ku migodi ya ku Joni, abale ake ankadikira kalata milungu ingapo, ndipo kalata zikaleka kufika ankangoti mwana uja watchona. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, koma njira ya kumwera sinamere udzu. Lero mnyamata wotsika basi pa Park Station mu Johannesburg, asanapeze ndi pogona pomwe, ayamba wafunsa za lamya, pakuti ganyu amaitanirana pa lamya, ndipo ndalama zopita kumudzi zidzera momwemo.

Ambiri amafika ndi lamya yawo ya kumudzi, muli khadi la TNM kapena la Airtel. Lamyayo igwira ntchito bwino lomwe ku South Africa, koma kuimba ndi khadi la kwawo uli kunja kumadya ndalama msanga. Kotero anzeru amagula lamya yolowa makhadi awiri: la kumudzi likhale lolandirira mauthenga, la kumeneko likhale loimbira. Makampani akuluakulu ndiwo Vodacom ndi MTN, amene anayamba m'chaka cha 1994, ndiponso Cell C ndi Telkom.

Tsono mlandu uli pa kulembetsa. Kuyambira pa 1 July 2009, lamulo lotchedwa RICA likuti khadi lililonse lilembedwe m'dzina la mwini wake. Mlendo ayenera kuonetsa pasipoti pamodzi ndi chikalata chosonyeza kumene akhala. Apa mpamene anthu ambiri amabwerera, chifukwa wogona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mwini alibe pepala la madzi kapena la magetsi m'dzina lake. Komatu lamulo lomwelo linasiya khomo: wokhala m'malo opanda keyala angathe kubwera ndi kalata ya ku sukulu, ku tchalitchi kapena ku sitolo kumene amalandirira makalata ake.

Posadziwa zimenezi, kapena poopa kuonetsa pasipoti imene masiku ake 30 anatha kalekale, ena amagula m'misewu makhadi olembetsedwa kale m'dzina la munthu amene sanamuonepo. Khadi lotere liyamba kugwira ntchito pomwepo, ndipo mtengo wake ngwochepa. Kuwawa kwake kumadza tsiku limene lamya yabedwa. Wogula uja akapita ku sitolo kuti amubwezere nambala yake pa khadi lina, amufunsa chitupa cha mwini wake, ndipo iye alibe choyankha. Nambala ija ndiyo imene mabwana a ganyu aidziwa, ndiyo imene mayi wake anailemba pa chikuto cha buku la nyimbo, ndiyonso imene anatsegulira WhatsApp ndi kulembetsera ku Mukuru. Zonsezi zisokonezeka tsiku limodzi, ndipo kumudzi ayamba kufunsa ngati munthuyo adakali moyo.

Nambala itayikanso mwa njira ina yachete. Khadi likakhala miyezi ingapo osaimbira kapena kuikamo ndalama, kampani imalitseka ndi kupereka nambalayo kwa wina. Izi zimagwera makamaka khadi la kumudzi, limene mwini wake analiika m'chikwama naliiwala. Wolandira nambalayo akakhala wa mtima woipa, angathe kulankhula ndi abale ngati kuti ndiye mwana wawo, nawapempha ndalama za "kuchipatala".

Kunena za lamya yeniyeniyo, masitolo amaonetsa pa zenera malamya okongola olipira mwezi ndi mwezi, kawirikawiri kwa miyezi 24. Pangano lotere lifuna buku la ku banki ndi pepala la malipiro, zimene waganyu alibe. Ndipo iye amene ntchito yake ingathe mawa sachita bwino kudzimanga zaka ziwiri. Ambiri tsono amagula ya kaunjika. Lamya iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15, yotchedwa IMEI, imene imaoneka munthu akasindikiza *#06#. Lamya yobedwa, mwini wake akakanena, makampani a kumeneko amaitseka ndi nambala imeneyi, kotero kuti ikana khadi lililonse. Chifukwa chake wogula ayenera kuikamo khadi lake ndi kuimba asanapereke ndalama, afananitse IMEI ndi yolembedwa pa bokosi, ndi kutenga lisiti. Wogulitsa amene achita changu, nayang'ana uku ndi uku, wanena kale kumene katundu wake anachokera.

Pa mtengo zinthu zinapepukako m'chaka cha 2020, bungwe la Competition Commission litadzudzula makampani: Vodacom inatsitsa gigabayiti imodzi ya pamwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99. Kuimba molunjika ku nambala yoyamba ndi +265 nkodula kuposa kulankhula pa WhatsApp, ndipo nchifukwa chake mphatso yoyamba imene ambiri amatumiza kwa makolo ndiyo lamya ya intaneti. Wotumizayo akumbukire chabe kuti mabowo a magetsi a ku Joni ngozungulira pamene a ku Malawi ndi a ngodya, kuopa kuti nkhalamba zingalandire lamya yatsopano ndi tchaja chosalowa pakhoma.