Akuru a Mitundu ndi Gule wa Mbeni ku Migodi ya Mkuwa

Abale athu a m'migodi ndi m'mafamu, tonsefe tidziwa mwambo wa kwathu, kuti mlandu suweruzidwa ndi anyamata, koma upita pabwalo kwa akuru. Azungu a migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia, dziko limene lero lichedwa Zambia, anauona mwambo umenewu naukonda. M'caka ca 1931, pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, anati mtundu uli wonse usankhe akuru ace, kuti aziweruza milandu ya m'komboni, kulandira alendo ocokera kumudzi, ndi kupereka madandaulo kwa bwana wa komboni. Ambiri a iwo anali a banja la mafumu. Pa ndeu ndi pa nkhani za ukwati nchito yao inayenda bwino ndithu.

Tsono mu May 1935 Boma linakweza msonkho wa anthu a kumigodi. Anthu analeka nchito ku Mufulira, pambuyo pace ku Nkana ndi ku Luanshya. Kodi mau anayenda ndi yani? Ambiri anayenda ndi anthu a Mbeni, gule wocokera ku gombe la East Africa, mbale wace wa Malipenga ndi Mganda wa kwathu ku nyanja. Guleyu anali ndi mfumu yace, kazembe wace, ngakhale dokotala wace, ndipo magulu ace ankacezerana mgodi ndi mgodi. Azungu ankayesa masewera cabe.

Ku Luanshya apolisi anaomba mfuti napha anthu 6. Akuru a mitundu aja anathawira m'ofesi ya komboni pamodzi ndi Azungu, popeza khamu silinawamvere. Ife sitiwaseka akuruwo ai. Kumudzi mfumu ilemekezedwa cifukwa igawa minda nisunga anthu ace pa njala. Koma ku mgodi mkuru analibe munda wakugawa, ndipo iyenso ankalandira ndarama zace m'dzanja la Mzungu yemweyo. Akanalimba mtima bwanji pa nkhani ya msonkho, imene inapweteka Mbemba ndi Mngoni cimodzimodzi?

M'caka ca 1940 anthu analekanso nchito, ndipo ku Nkana anafa 17. M'caka ca 1949 anchito a migodi yonse anapanga bungwe limodzi, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu. Akuru a mitundu anakhalabe kanthawi, kufikira m'caka ca 1953, pamene anchito eni ace anaponya mavoti, nathetsa udindo umenewo m'makomboni.