Chakudya cha Mbale Wathu Amene Wachotsedwa Chikhodzodzo

Kwathu kuno munthu akatuluka m'chipatala sitipita kukamuzonda chimanjamanja. Amayi amasenza nsima yotentha, nyemba, nkhwani wotendera, mwinanso nkhuku, ndipo mitima yawo siikhala pansi kufikira ataona kuti wodwalayo wadya ndi kukhuta. Mwambo umenewu ndi wokoma ndithu. Komatu alipo odwala ena amene mbale yodzaza imawabweretsera ululu, ndiwo anthu amene madokotala awachotsa chikhodzodzo. Akameza nthongo ziwiri kapena zitatu, m'mimba mumayamba kupotokola, mimba imafufuma, nseru imadza, ndipo amakankhira mbale kumbali. Apabanja amasokonezeka. Ena amati wodwalayo wataya mtima, ena amati matenda abwerera, ndipo sipalephera wina woyamba kuloza zala anansi.

Kawirikawiri chikhodzodzo chimachotsedwa chifukwa cha khansa. Kusuta fodya kumayambitsa khansa imeneyi, koma m'madera athu muli mdani winanso amene timamupeputsa, ndiye likodzo. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kuwedza, ndipo mazira ake amakanirira m'khoma la chikhodzodzo ndi kulitupitsa kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1994 bungwe loona za kafukufuku wa khansa la IARC linaika tizilomboti m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Mankhwala a praziquantel amapha tizilomboti, koma khansa ikayamba sangathe kuibweza.

Tsono funso limene limazunguza ambiri ndi ili: ngati chimene chachotsedwa ndi chikhodzodzo, bwanji chakudya ndicho chikuwawa? Yankho lili m'matumbo. Impso sizileka kupanga mkodzo, choncho mkodzowo umafunika njira yatsopano. Njira yofala kwambiri, imene dokotala wa ku America Eugene Bricker anaifotokoza m'chaka cha 1950, ndi yakuti amadula kachigawo ka matumbo aang'ono ka masentimita 15 mpaka 20, nalumikizako timachubu tiwiri tochokera ku impso, ndi kutulutsira mbali ina pakhungu la pamimba, pamene amamatapo thumba lolandira mkodzo. Matumbo otsalawo amawasokanso pamodzi. Kunena kwina, munthuyu wachitidwa opaleshoni ya matumbo pa tsiku lomwelo, ndipo chakudya chilichonse chimene adye chiyenera kudutsa pamsoko umenewo.

Matumbo akagwiridwa motere amayamba achita ulesi. Kwa masiku angapo samakankha chakudya, mpweya umaunjikana, ndipo n'chifukwa chake anamwino amafunsa m'mawa uliwonse, mopanda manyazi, ngati wodwala watulutsa mpweya. Mankhwala amphamvu opha ululu, monga morphine, amawonjezera ulesiwo ndi kudzimbitsa. Ngakhale munthu atabwerera kumudzi, matumbo amatenga milungu, mwinanso miyezi, kuti akhazikike: lero kudzimbidwa, mawa kutsegula m'mimba. Ambiri amaonda, ndipo chakudya chimene ankachikonda chimamveka chosakoma m'kamwa.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni, pakuti thupi limene likukana chakudyali ndi lomwenso likusowa chakudya kuti bala lipole. Njira yake ndi kuchepetsa muyeso ndi kuchulukitsa maulendo. M'malo mwa nsima yaikulu masana ndi madzulo, wodwala adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, atakhala tsonga, akutafuna mofatsa. Milungu yoyambirira kumuyenera phala la ufa woyera, mpunga wofewa, nthochi zakupsa, maungu, ndi mbatata ya kachewere yophika ndi kuinyenya, imene ku Angónia ndi ku Tsangano siisowa. Tikudziwa kuti achipatala akhala akutilangiza kuti mgaiwa uposa ufa woyera, ndipo sananame, koma gaga ndi wolemetsa kwa matumbo osokedwa kumene, kotero mgaiwa uyambe wadikira. Zomanga thupi zisasowe: dzira lophika, nsomba yaiwisi yochotsedwa minga, nkhuku yophikidwa mpaka kufewa, mkaka ngati sukumutsegula m'mimba. Nsinjiro zosinjidwa bwino ziyambe ndi supuni imodzi m'phala. Kapenta wouma ndi wabwino akasinjidwa kukhala ufa, osati wokazinga ndi kuuma gwa.

Zimene zimavutitsa kwambiri pa nthawiyi ndi nyemba, kabichi, anyezi wosaphika, zakumwa za gasi, zokazinga m'mafuta ambiri, chimanga chootcha, mtedza wosasinja ndi mango a ulusi. Sikuti zaletsedwa moyo wonse ayi. Zibwezeretsedwe chimodzichimodzi, pang'ono, ndi kudikira tsiku limodzi kapena awiri kuona mmene m'mimba mwazilandirira. Zikabwezeretsedwa zonse pa mphika umodzi, palibe angadziwe chimene chalakwa.

Za madzi tiyenera kunena motsindika. Odwala ena amaleka kumwa madzi kuti thumba lisamadzaze msanga, makamaka akafuna kupita ku mapemphero kapena kukwera galimoto. Kuteroko n'kuika impso pangozi. Kachigawo ka matumbo kaja sikaiwala ntchito yake, kamapitiriza kutulutsa zoterera zonga mamina zimene zimaoneka m'mkodzo. Zimenezi si mafinya, koma madzi akachepa zimalimba, mkodzo umanunkha, ndipo tizilombo timapeza njira yokwerera ku impso. Malita awiri a madzi owiritsa pa tsiku ndiwo muyeso umene ambiri amapatsidwa, pokhapokha dokotala atanena zina chifukwa cha mtima kapena impso. Kuyenda pang'ono pabwalo mukatha kudya kumadzutsa matumbo, koma khasu, mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi zidikire milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Mapiritsi ogula pamsika monga ibuprofen ndi diclofenac angathe kuwononga impso, ndipo mizu yotsuka m'mimba ndi yoopsa pa matumbo amene ali ndi msoko.

Pali ululu wodikira ndi ululu wosadikira. Kupotokola kumene kumatha munthu akatulutsa mpweya kapena akapita kuchimbudzi n'kwa nthawi yochira. Koma ngati wodwala akusanza mobwerezabwereza, makamaka zobiriwira, mimba yatupa ndi kuuma, mpweya ndi chimbudzi zaima, thupi latentha, msana ukuwawa cha ku impso, kapena mkodzo waleka kutsikira m'thumba, musadikire kuti kuche kapena kuti akuluakulu a banja asonkhane. Mupempherereni muli pa ulendo wa kuchipatala, ndipo mutenge mapepala ake onse a opaleshoni.

Inu amayi ndi akulu a mpingo amene mumazonda odwala, yambani mwafunsa wosamalira wodwalayo chimene m'mimba mwake mukulandira sabata imeneyo, ndipo mugawane masiku kuti mbale zisafike zonse Lamlungu. Akadya masupuni anayi n'kuleka, musamukakamize. Mpingo ukalengeza kusala kudya, iye asawerengedwe. Ndipo pakapita zaka, mum'kumbutse kukayezetsa magazi, chifukwa chigawo cha matumbo chimene amadulapo chili kufupi ndi pamene thupi limayamwira vitamini B12, ndipo kuchepa kwake kumadza mwakachetechete, ndi kufooka komanso dzanzi m'mapazi.