Mawu a Munthu Wakuda m'Kanema Wolankhula: Phunziro la 1935

M'chaka cha 1935, pamene likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka, ku London kunatuluka kanema wotchedwa Sanders of the River. Anamuongolera ndi Zoltan Korda, ndipo nkhani yake inachokera m'buku la Edgar Wallace la 1911. Apo n'kuti kanema wolankhula asanathe zaka khumi. M'nkhani ino tifuna kuunika funso limodzi: pamene munthu wakuda anayamba kumveka m'kanema, kodi mawu amene ankalankhula anali a yani?

Phata la kanemayu ndi upandu. Sanders, mkulu wa boma m'dera lina la ku Nigeria, atapita kutchuthi, azungu aŵiri ogulitsa mfuti ndi moŵa mozemba anafalitsa mbiri kudzera m'ng'oma yakuti iye wamwalira ndipo lamulo latha. Mfumu Mofolaba inautsa nkhondo, ndipo bata linadza Sanders atabwerera. Paul Robeson anaseŵera ngati Bosambo, mkaidi wothaŵa ku Liberia amene anasanduka mfumu. Chingerezi cha Bosambo chinakonzedwa kuti chimveke ngati chotanthauzidwa kuchokera m'chilankhulo cha mu Africa, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutamanda bwana. Robeson ataona mmene kanemayu anathera, anamukana poyera.

M'chaka chomwecho, bungwe la Bantu Educational Kinema Experiment, limene ankatsogolera ndi Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, linayamba kujambula makanema ku Vugiri, ku Tanganyika, n'kumakawaonetsa mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Mawu ankaikidwa pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo Chinyanja ndi Chibemba. M'kanema wawo wina, Post Office Savings Bank, mbala iba ndalama za munthu amene anazikwirira m'nyumba, pamene mnzake wosunga ku positi apulumuka. Pano chilankhulo chinali chathu, koma uthenga unali wa eni kamera.

Ngakhale kuonera kunali ndi malire. Monga asonyezera Charles Ambler m'kafukufuku wake wa 2001, bungwe loyeza makanema m'dziko muno linkadula zigawo za upandu m'makanema oonetsedwa kwa anthu akuda. Motero m'zaka za utsamunda, wokhala ku Woodlands kapena ku Kabulonga ankaloledwa kuona nkhani yathunthu, pamene wa ku Kabwata ankalandira yoduladula.

Phunziro lake kwa ife aphunzitsi a chilankhulo ndi ili: kumveka kwa Chinyanja m'kanema si umboni wakuti Anyanja alankhula. Pophunzitsa makambirano a m'seŵero kapena m'buku, kaya ku Kabwata kaya ku Chelstone, tizoloŵeze ophunzira kufunsa kuti analemba mawuwo ndani, anawalembera yani, ndiponso chinadulidwa n'chiyani asanafike m'makutu mwathu.