Chifukwa chake sindilemba x m'pulogalamu ya malipiro

Kompyuta ilibe nazo ntchito za mayina. Mukaipatsa nambala 26 n'kuitcha x, kapena masiku_ogwira_ntchito, iyo ingowerengera osafunsa kanthu. Dzinalo ndi la munthu amene adzatsegule pulogalamuyo chaka chamawa, wolemba woyamba atapita kale ku Johannesburg. Ine ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu a malipiro ndi a mabelo a fodya m'mafamu a ku Banket, Mvurwi ndi Karoi, ndipo nthawi yanga yambiri imathera posankha mayina. Masamu ake ndi a ku pulayimale.

Pulogalamu ndi mizere ya malemba basi. Pa famu ina ndinapeza mzere wotere: n = d * r - s. Unkagwira ntchito, koma panalibe wodziwa kuti d akuimira chiyani. Ndinakhala pansi ndi akalaliki, bambo achikulire amene makolo awo anachokera ku Dedza, tikuyerekeza manambala ndi buku lawo la matikiti, lokutidwa ndi pepala la thumba la feteleza. Tinapeza kuti d ndi masiku amene kapitawo wachonga, s ndi ngongole ya kusitolo ya pa famu. Ndinaulembanso motere: malipiro = masiku_ochongedwa * mtengo_wa_tsiku - ngongole_ya_kusitolo. Akalaliki, amene sanaphunzirepo za kompyuta, anauwerenga akuloza ndi chala, n'kundifunsa kuti, "Nanga a mugwazo, amene salipidwa pa tsiku, ali pati apa?" Sanalimo. Zilembo zinayi zija zinkabisa zimenezi.

Kuno ku Zimbabwe dzina lakuti mtengo, lili lokhalokha, ndimaliopa. Mu 2009 tinayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America, mu 2019 kunabwera dola ya RTGS, mu April 2024 kunabwera ZiG. Mlimi wa fodya wakhala akulandira gawo lina la ndalama zake m'madola a ku America, gawo lina m'ndalama ya dziko lino. Pulogalamu ikaphatikiza manambala awiriwa chifukwa onse amangotchedwa mtengo, yankho limatuluka looneka bwinobwino, koma labodza. Choncho ndimalemba mtengo_USD ndi mtengo_ZiG, kuti wofuna kuwaphatikiza aone ndi maso kuti akulakwitsa. N'chimodzimodzi ndi kukula kwa munda: hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47, ndiye wosokoneza ziwirizi athira feteleza woposa kawiri, kapena wosakwana ndi theka lomwe. Ngakhale a NASA anataya chombo cha Mars Climate Orbiter mu 1999 chifukwa pulogalamu ina inkapereka manambala mu muyezo wa mapaundi pamene inzake inkayembekezera wa manyutoni.

Chondiwawa kwambiri ndi dzina lonama. X amakuchenjezani kuti mufufuze. Koma mndandanda wotchedwa antchito_onse, pamene m'menemo muli okhazikika okha, umakugonetsani tulo. Wina adzatenga mndandandawo powerengera ufa kapena malipiro, ndipo amayi amene amabwera nyengo yosankha fodya m'shedi adzasiyidwa popanda wofuna kuwasiya. Ntchito ya chinthu ikasintha, dzina nalonso lisinthe tsiku lomwelo.

Za chilankhulo sindilimbana nazo. Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, imalola mayina a Chingelezi, Chishona kapena Chichewa. Chofunika n'chakuti amene adzakonze pambuyo panga amve, ndipo chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mawuwo ndimawatenga pa famu pomwepo: belo, balani, tikiti.

Dzina lakuti nambala nalonso ndinalikana. Pa famu pali nambala ya mlimi yochokera ku bungwe loona za fodya la TIMB, pali ya belo, palinso ya chitupa. Yachitatuyi imatikhudza ife zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, chifukwa ambiri anabadwira m'makomboni ndipo mpaka lero alibe chitupa. Wolemba pulogalamu akaganiza kuti nambala ya wantchito ndi ya chitupa, munthu wopanda chitupa sangalowe m'kaundula wa malipiro. Ine ndimaika ziwiri: nambala_ya_wantchito, imene famu imapatsa aliyense tsiku loyamba ntchito, ndi nambala_ya_chitupa, imene imaloledwa kukhala yopanda kanthu mpaka mwiniwake atachipeza.