Kasikilini ka mizele iwili kangapulumutse batili yanu

Malaiti akayenda mu komboni, amene ali na solar na batili ndiye mabwana. Barbershop isebenza, mafoni achajidwa, sipika ilila mpaka usiku. Koma funsani ena amene anagula batili mu 2024, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba ndipo load shedding inafika poipa. Lelo ali na chibokosi cholema chabe pakona ya nyumba.

Batili ya 12V ya lead-acid siifuna kukamidwa mpaka kuuma. Ikadzala ndipo yapumula, imaonetsa pafupi na 12.7V. Ikatsika kufika pa 12.1V ninshi yatsala theka, ndipo mukazolowela kuipitilila pamenepo masiku onse, izafa msanga. Vuto ni lakuti batili siikamba. Manje imwe mungaipatse pakamwa.

Pakamwa pake ni kasikilini kochedwa LCD 1602, kachibale ka kaja kamene kamakuonetsani ma units pa mita ya ZESCO. Kamalemba zilembo 16 pa mzele, mizele iwili, basi. Ubongo wake ni Arduino Uno, kabolodi kokwana m'dzanja. Arduino inayamba mu 2005 ku Ivrea, m'dziko la Italy, ndipo anaipangila ana a sukulu ya design amene sanali ma engineer. Ndiye musayope. Chip yake, ATmega328P, ili na RAM ya 2 KB chabe. Selfie yanu imodzi siingakwanemo, koma pa nchito iyi ni yambili.

Kasikilini kali na mapini 16, ndipo apa ndiye ambili amathawila. Osathawa, chifukwa opita ku Arduino ni 6 chabe. RS ipite pa pin 12, E pa 11, ndipo D4, D5, D6 na D7 zipite pa 5, 4, 3 na 2. VDD ilandile 5V, VSS na RW zipite ku GND. Mapini awili othela, 15 na 16, ni a nyali ya kumbuyo. Ikani resistor ya 220 ohms pa 15 kuti nyaliyo isapse.

Yatsala pin 3 ya sikilini, yolembedwa V0, imene yalilitsa anyamata ambili. Munthu wamanga zonse bwino, wayatsa, sikilini yawala koma palibe olo chilembo chimodzi. Ayamba kutukwana wamushopu kuti anamugulitsa gong'a. Iyayi boi. V0 ifuna potentiometer ya 10k, kaja kopotokola monga volume ya wailesi: miyendo iwili ya m'mbali ku 5V na GND, wapakati ku V0. Potokolani pang'onopang'ono, zilembo zizatuluka. Mukaona mabokosi akuda pa mzele wapamwamba okha, sikilini ili moyo koma siinamve zimene Arduino ikamba. Onaninso mawaya a RS, E na RW.

Ngati mawaya ambili amakuzungulitsani mutu, gulani sikilini imene ili na kabolodi ka I2C kumbuyo. Mawaya amakhala 4: VCC, GND, SDA pa A4 na SCL pa A5. Iyo ifuna library yake, komanso address, imene kambili ni 0x27 olo 0x3F. Ine nikonda iyi, ngakhale mtengo umakwelako pang'ono.

Pulogilamu yolembela, Arduino IDE, ni yaulele. Amene alibe laptop angasebenzese ArduinoDroid pa foni ya Android na OTG cable. Pa mamangidwe a mawaya 6 aja, itanani library ya LiquidCrystal, muiuze mapini na LiquidCrystal lcd(12, 11, 5, 4, 3, 2). Ndipo mu setup mulembe lcd.begin(16, 2), kenako lcd.print("Muli bwanji"), Zikaoneka, jambulani, ikani pa status, mwayenela. Kumbukilani chabe kuti makina amayamba kuwelenga pa 0, ndiye mzele wachiwili ni lcd.setCursor(0, 1);

Manje ku batili. Apa mvetselani, chifukwa ni pamene ndalama zimapsela. Mapini a Arduino Uno salandila zopitilila 5V. Mukalumikiza 12V mwachindunji pa A0, chip yapita. Pakati pafunika ma resistor awili ogawa voltage: 30k kuchokela ku positive ya batili kufika pa A0, na 7.5k kuchokela pa A0 kupita ku GND. Awa amagawa voltage na 5, ndiye 12.5V imafika ngati 2.5V. Kabolodi kokhala na ma resistor amenewa kamagulitsidwa kopangilatu, dzina lake voltage sensor. Negative ya batili nayo ilumikizidwe ku GND ya Arduino, apo ayi manambala azavina monga ali pa kitchen party.

analogRead(A0) imabweza nambala ya pakati pa 0 na 1023. Ichulukitseni na 25.0, mugawe na 1023, mwapeza ma volts. Alembeni pa mzele wapamwamba. Wapansi ni wanu: uzani Arduino kuti ikaona zochepela 12.1 ilembe "ZIMYANI TV!" Sikilini imalolanso kujambula tuzithunzi twanu 8, kalikonse ka madontho 5 m'mbali na 8 kutsika, ndiye kabatili kodzala na kopanda kanthu mungakajambule mweka. Mwana wa sukulu amene afuna project ya JETS, iyi ni yokonzeka kale.

Musanakakhulupilile, bwelekani multimeter kwa wokonza mafoni, mupime batili, mulinganize. Charger ya USB siipeleka 5V yeniyeni nthawi zonse, ndiye ngati manambala asiyana, sinthani 25.0 uja pang'ono mpaka agwilizane. Ndipo powelenga, yambani mwazimya inverter kwa mphindi zingapo, chifukwa batili imene ikoka katundu imaonetsa nambala yotsika kuposa mphamvu imene yatsala nayo.